Mwamanga mabuleki akuluakulu kutsogolo koma galimoto siikuima bwino? Yambani apa

Pali dandaulo limodzi limene limabwerabwera pagalaja kuchokera kwa eni magalimoto aliwiro: "Amisiri, ndagula makalipa a mapisitoni anayi ndi madisiki akuluakulu, ndamangitsa kutsogolo, koma galimoto ikuima moipa kuposa kale." Makalipa ndi zitsulo zija zimene zimafinyira mapadi padisiki kuti wilo liime. Wina amati chopondera chikutsika mpaka pansi. Wina amati akangoponda pang'ono ABS, chipangizo chija choletsa mawilo kuloka, yayamba kale kunjenjemera kuphazi. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi aja anakulitsanso akumbuyo mongoyerekeza, amene amafika thupi likunjenjemerabe n'kunena kuti galimoto inafuna kutembenuka pakona. Magalimoto ake ndi omwewa timawaona mumsewu wa EN7 pakati pa Tete ndi Moatize: Altezza, Mark X, Subaru WRX, Toyota 86, Nissan 350Z, BMW zakale zija ndi Golf GTI yochokera ku Joni.

Kawirikawiri zida zimene anagulazo sizikhala zoipa ayi. Chimene chasokonekera ndi kagawidwe ka ntchito pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Galimoto imaimitsidwa ndi matayala anayi aja amene akugwira msewu, ndipo mabuleki abwino ndi amene amagwiritsa ntchito tayala lililonse mpaka pamene mphamvu yake ithera. Mukaunjikira mphamvu yonse kutsogolo, matayala awiriwo amagonja msanga n'kuyamba kukhwekhwereza, akumbuyo asanagwire ntchito yokwanira. Amene anakulira ku Angonia anaonapo ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri zosiyana mphamvu pagoli limodzi: yamphamvuyo imatopa yokha, ngolo n'kumayenda mokhota. Kukagula ng'ombe yamphamvu koposa n'kuimanga pambali pa yofooka yomwe ija sikuwongola ngoloyo.

Mukaponda buleki, kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, n'chifukwa chake mphuno yake imawerama. Titenge Toyota 86, yomwe inatuluka mu 2012. Ikangoima, 53 peresenti ya kulemera kwake imakhala pamawilo akutsogolo, 47 kumbuyo. Kuchoka pawilo lakutsogolo kufika palakumbuyo pali mamilimita 2,570, ndipo pakatikati pa kulemera kwake pali pamtunda wa mamilimita 460 kuchokera pansi. Mukagawa 460 ndi 2,570 mupeza pafupifupi 0.18. Ndiye kuti paphula louma, matayala ali abwino, mukaponda ndi mphamvu zonse, pafupifupi 18 peresenti ya kulemera imasamukira kutsogolo: kutsogolo kwasenza 71, kumbuyo kwatsala 29. Galimoto yomweyo ikakhala pamsewu wafumbi wa kumudzi, tayala siligwira kwenikweni, galimoto siima mwamphamvu, ndipo zosamuka zimangokhala ngati 7 peresenti: kutsogolo 60, kumbuyo 40.

Apa mukuona kuti palibe kagawidwe kamodzi kamene kangayenere misewu yonse. N'chifukwa chake opanga magalimoto anaika valavu yochepetsa mphamvu yopita kumbuyo munthu akaponda kwambiri, ndipo m'magalimoto amakono ntchitoyo anaipereka ku kompyuta ya ABS, imene mumaiona yalembedwa EBD. Anachitanso dala kuti mawilo akutsogolo aziloka pang'ono chabe akumbuyo asanaloke. Akutsogolo akaloka, chiwongolero sichimvanso, koma galimoto imapita molunjika, ndipo mukamasula phazi imabwerera m'manja mwanu. Akumbuyo akayamba kuloka ndiwo, kumbuyo kwa galimoto kumathawira m'mbali, mwangozindikira mwayang'ana kumene mwachokera. Chilichonse chimene mungasinthe, lamulo limenelo lisasinthe: kutsogolo kuyambe, kumbuyo kutsatire pafupi kwambiri.

Musanaloze chala zida zatsopano, vulani wilo lakumbuyo

Magalimoto ambiri amene amabwera ndi dandauloli anali atataya kale mabuleki akumbuyo, mwini wake osadziwa. Anaona kuti galimoto siikuima, n'kuganiza kuti akutsogolo achepa.

Ikwezeni pajeke, ikani chochirikiza, vulani wilo. Disiki imene ikugwira ntchito imakhala yonyezimira mbee ponse pamene padi imakhudza, kuyambira m'mphepete mpaka mkati. Mukapeza mzere wa dzimbiri wofiira psuu ukuzungulira pamene pamayenera kunyezimira, padi siikufikapo. Masulani kalipa, kokani mapini awiri aja amene imatsetserekapo. Ayenera kutuluka ndi zala ziwiri basi. Kuno ku Moatize nthawi zambiri mumapeza kalabala kotchinga fumbi katang'ambika, girizi atasakanikirana ndi fumbi la malasha n'kuuma gwa, wakuda bii, pini yosafuna kutuluka mpaka mutaipotokola ndi sipanala. Yang'ananinso mapadi: ikakhala kuti yamkati yatha mpaka kuchitsulo pamene yakunja idakali yonenepa, ndiye kuti kalipa inasiya kalekale kutsetsereka. Ena mwa magalimoto ochokera ku Japan anayendapo m'madera ozizira kumene amathira mchere mumsewu, ndipo amafika kuno mapisitoni akumbuyo atagwidwa kale ndi dzimbiri.

Tsukani mapiniwo, sinthani timalabala, pakani girizi wa silikoni wopangidwira mabuleki. Girizi wamba kapena oyilo wa injini amatupitsa labala, pakapita miyezi yochepa pini yagwiranso.

Musanamizidwe ndi handibuleki. Pa Subaru, 86, Altezza, Mark X, 350Z ndi BMW zambiri, handibuleki ili ndi timashu take mkati mwa disiki yakumbuyo, tosiyana ndi mapadi. Ikhoza kugwira bwinobwino pachitunda pamene buleki yakuphazi siikufika n'komwe kumbuyo. Pa Golf zambiri handibuleki imadzera mukalipa momwemo, ndipo pisitoni yake imabwezedwa poizungulitsa. Amene amaikankha ndi mphamvu amaiwononga.

Muli pomwepo onaninso matayala. Kuvala atsopano kutsogolo n'kusiya akale osalala kumbuyo kumasokoneza kagawidweka kuposa kalipa ina iliyonse. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Dzuwa la ku Tete limaumitsa labala ngakhale mapanga a tayala akuonekabe akuya. Ngati ndalama zakwanira matayala awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo.

Masamu ake ndi ochepa, ndipo amapulumutsa ndalama

Mphamvu imene buleki imapereka pawilo imachokera ku zinthu zinayi zochulukitsana: mphamvu ya mafuta mupaipi, kukula kwa nkhope za mapisitoni, kagwiridwe ka padi, ndi kutalika kuchoka pakati pa wilo kufika pakati pa padi. Mukasintha chimodzi kutsogolo kokha, mwasintha kagawidwe.

Powerenga mapisitoni ambiri amalakwitsa. Kalipa yotsetsereka ya pisitoni imodzi imafinya mbali zonse ziwiri za disiki ndi pisitoni yomweyo. Kalipa yosasuntha ya mapisitoni anayi ili ndi awiri uku, awiri uko, ndipo poyerekeza mumawerenga a mbali imodzi yokha. Tinene kuti galimoto inabwera ndi pisitoni imodzi ya mamilimita 54. Nkhope yake ndi masikweya milimita pafupifupi 2,290. Mwagula kalipa ya mapisitoni anayi a mamilimita 44: awiri a mbali imodzi akwana 3,040, kutanthauza kuti mwawonjezera 33 peresenti. Disiki mwachotsa ya mamilimita 280 n'kuika ya 320, ndiye pakati pa padi pasuntha kuchoka pa mamilimita ngati 115 kufika pa 135, yomwe ndi 17 peresenti ina. Ziwirizi mukazichulukitsa, kutsogolo kwakula ndi 56 peresenti. Ngati poyamba kagawidwe kanali 70 kutsogolo ndi 30 kumbuyo, tsopano kafika pa 78 ndi 22. Mawilo akutsogolo ayamba kuloka phazi lisanakankhe mafuta okwanira kumbuyo, ndipo galimoto ikutenga mtunda wautali kuti iime. Dandaulo lija lachokera pamenepa.

Tsopano taonani kalipa ina ya mapisitoni anayi koma a mamilimita 36. Awiri a mbali imodzi ndi 2,036, kuchepera pisitoni imodzi yakale ija ndi 11 peresenti. Mukaiphatikiza ndi disiki ya 320, mphamvu yonse yangokwera ndi 4 peresenti. Kagawidwe katsala pafupifupi pomwe kanali, koma mwapeza disiki yaikulu yotha kusenza kutentha ndi kalipa yolimba yosatambasuka. Makampani odziwa ntchito amapanga zida zawo motero: disiki ikakula, mapisitoni amachepa. Kuchuluka kwa mapisitoni si kukula kwa mphamvu. Wogulitsa mufunseni kukula kwa mapisitoni, ndipo akapanda kuyankha tengani veniya, kachipangizo koyezera kukula kwa zitsulo, muyeze nokha. Makalipa ochotsedwa pagalimoto yaikulu yolemera, aja otchipa ogulidwa kumalo ophwasulira magalimoto, ndi amene amabweretsa vutoli kwambiri, chifukwa anapangidwira kuimitsa matani awiri kapena kuposa.

Mapadi nawo ali ndi masamu awo. Ambiri amalembedwa zilembo ziwiri m'mbali kapena kumsana, monga FF kapena GG. Choyamba chimanena kagwiridwe ka padi isanatenthe kwambiri, chachiwiri ikatentha. E ndi 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55. Kuchoka pa FF kupita pa GG kukhoza kuwonjezera mphamvu ndi 25 peresenti, moti mapadi okha, osakhudza kalipa, angasunthe 70 uja kufika pa 74 kapena 75. Ubwino wake ndi wakuti njira yomweyo imathandiza pobweza: pagalimoto yathu ya 78 ija, kuika GG kumbuyo m'malo mwa FF kungatsitse kagawidwe kufika cha pa 74.

Chenjezo langa lalikulu lili pa mapadi a mpikisano. Amenewa amagwira akatentha, ozizira sagwira. Munthu akawaika kutsogolo n'kusiya wamba kumbuyo, m'mawa wa mu June ku Ulongwe, kukuzizira, buleki yoyamba potuluka pageti imagwira kwambiri kumbuyo kuposa kutsogolo. Galimoto imene dzulo masana imaloka kutsogolo, lero ikupotoka kumbuyo. Mapadi a mawilo onse anayi azikhala a mtundu umodzi, opangidwira msewu.

Chopondera chikutsika kwambiri

Yambani ndi mpweya. Zimitsani injini, pondani kangapo motsatizana. Chopondera chikamakwera n'kulimba, kenako n'kufewanso mukachisiya kanthawi, kawirikawiri mupaipi muli mpweya. Mukakhala kuti mwabulida (kutulutsa mpweyawo) kawiri katatu osasintha, gwadani muone pamene pali kabawuti kotulutsira mpweya. Kayenera kukhala pamwamba pa kalipa. Makalipa akumanja ndi akumanzere amalowa bwinobwino mukawasinthanitsa, mabawuti onse amamanga, koma kabawuti kaja kamapezeka pansi. Mafuta amatuluka oyera opanda thovu, mmisiri n'kukhutira, pamene mpweya wakhala phee pamwamba pa pisitoni. Makalipa osasuntha ambiri ali ndi timabawuti tiwiri, kamkati ndi kakunja, ndipo tonse tiyenera kubulidwa. Ngati botolo la mafuta linauma pogwira ntchito, mpweya ungalowe mu pampu ya ABS, ndipo magalimoto ena amafuna kompyuta kuti itsegule mavalavu pobulida.

Mukaponda n'kugwira phazi pomwepo, chopondera n'kumamira pang'onopang'ono koma pansi osadontha kanthu, ndiye kuti timalabala ta mumasita silinda, pampu imene chopondera chimakankha potumiza mafuta kumawilo, tikudutsitsa mafuta. Izi zimachitika kawirikawiri atangobulida galimoto yakale, chifukwa wopondayo anakankha mpaka pansi, timalabala n'kukanda pamalo a dzimbiri pamene sitinafikepo zaka zambiri. Ikani kathabwa kunsi kwa chopondera pobulida.

Chikakhala cholimba koma chikugwirira m'munsi, mpweya mulibe. Mapisitoni atsopano akungomwa mafuta ambiri kuposa amene masita imatumiza. Masita yokulirapo, tinene kuchoka pa mamilimita 23.8 kupita pa 25.4, imatumiza mafuta ochuluka ndi 14 peresenti, chopondera n'kukwera, koma mudzafunika kuponda mwamphamvu kuposa kale. Dziwani kuti masita siikonza kagawidwe, poti imakankha kutsogolo ndi kumbuyo mofanana. Ndipo ngati chopondera chimatsika pokhapokha mukangotuluka m'makona kapena m'maenje, n'kubwerera mukaponda kachiwiri, gwedezani wilo. Beling'i yolowa mphepo imagwedeza disiki, disikiyo n'kukankhira mapisitoni mkati.

ABS ikulowerera msanga

Ichi ndi chizindikiro chenicheni chakuti kutsogolo kwachulukira mphamvu. Kompyuta ikuona mawilo akutsogolo akufuna kuloka, ikumasula, ikugwira, ikumasula, pamene akumbuyo akungotsatira. ABS imateteza kuti musaloke, koma siingabweze kagawidwe kamene kasokonekera kwambiri, chifukwa anaikonza molingana ndi mabuleki a kufakitale.

Pali amisiri amene amazula fyuzi ya ABS kuti kunjenjemerako kuthe. Chonde musalole zimenezo. Pagalimoto ya EBD mulibe valavu ina yochepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Mukazula fyuzi, mawilo akumbuyo alandira mphamvu yonse, ndipo tsiku limene mudzaponde mwadzidzidzi chifukwa cha mbuzi kapena njinga ya kabaza, kumbuyo kudzaloka koyamba. Zikhoza kukhala chimodzimodzi mukamayenda nyali ya ABS ili chiyakire. Nthawi zambiri chimakhala chingwe cha sensa chimene chinakokedwa pomanga kalipa, ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Onaninso ngati matayala akutsogolo ndi akumbuyo ali a msinkhu umene opanga analamula, poti kompyuta imayerekeza liwiro la mawilo.

Zonsezi zikakhala bwino, chotsalira ndi kubweza kagawidwe. Njira yotchipa ndi mapadi, monga ndanena kale. Ikapanda kukwanira, mwina mukulitse kumbuyo molingana, mwina muchotse makalipa akutsogolowo n'kupeza a mapisitoni ang'ono. Ine ndimakonda kutsata zimene opanga galimotoyo anachita pamtundu wake wamphamvu. Subaru WRX STI zambiri, 350Z ya mabuleki a kampani ya Brembo ndi 86 ya Brembo zili ndi mapisitoni anayi kutsogolo ndi awiri kumbuyo, pamodzi ndi madisiki ake. Iwo pokulitsa anakulitsa mbali zonse. Ngati mukutenga zida pagalimoto yotero, tengani seti yonse, osati theka lokongola looneka parimu lokha.

Kumbuyo kukuthawa

Galimoto imeneyi iimikeni mpaka itakonzedwa, musanyamulenso ana kapena kupita nayo ulendo. Zoyambitsa zake ndi zodziwika: makalipa akumbuyo akulitsidwa mopitirira, madiramu asinthidwa kukhala madisiki koma valavu yakale yasiyidwa kapena yatayidwa, ABS yachotsedwa, kapena mapadi akutsogolo ndi ofooka kuposa akumbuyo. Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Magalimoto ena akale, kuphatikizapo Golf zina, ali ndi valavu kumbuyo yolumikizidwa ndi kasipuling'i, imene imamva kuti galimoto yalemedwa ikatsika, n'kuwonjezera mphamvu kumbuyo. Mukaitsitsa galimotoyo ndi masipuling'i aafupi kuti izioneka bwino, valavu imayesa kuti mwanyamula matumba a mbatata, n'kutsegula mphamvu yambiri pamawilo opanda katundu. Iyenera kuchunidwanso.

Valavu yochuna ndi dzanja imathandiza pagalimoto yopanda ABS, koma mudziwe malire ake. Imangochepetsa, siiwonjezera, moti siingathandize galimoto imene kumbuyo kwake kwachepa mphamvu. Imaikidwa papaipi yopita kumbuyo basi, osati kutsogolo mpang'ono pomwe. Imalowa m'malo mwa valavu ya kufakitale, osati pambuyo pake. Magalimoto ambiri oyendera mawilo akutsogolo ali ndi mapaipi opingasa, lakutsogolo kumanja limodzi ndi lakumbuyo kumanzere, choncho valavu imodzi siikwanira, ndipo kulumikiza mapaipi awiriwo kuti ikwanire n'kuchotsa chitetezo chimene chimakusiyirani theka la mabuleki paipi ina ikaphulika. Pochuna yambani ndi pamene kumbuyo kukulandira zochepa kwambiri, n'kumawonjezera pang'onopang'ono.

Mabuleki akutha pamtsetse

Apa ndi pamene mabuleki akuluakulu amathandizadi. Ngati a kufakitale amatha kuyambitsa ABS paphula louma, ndiye kuti mphamvu ali nayo yokwanira, ndipo akuluakulu sangafupikitse mtunda woimira pakuponda kamodzi. Chimene amaposa nacho ndi kusenza kutentha. Ulongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,200, mzinda wa Tete uli pansi pa mamita 200. Galimoto ya makilogalamu 1,300 ikatsika mamita 1,000 imayenera kutaya mphamvu yofanana ndi kuima ka 25 kuchoka pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Gawo lina imadya mphepo ndi injini, koma munthu amene watsekeredwa kumbuyo kwa thiraki yochokera ku Zobwe, phazi lili pabuleki mtsetse wonse kuyambira cha ku Mussacama, m'mwezi wa October kutentha kutapitirira madigiri 40, akuunjikira zambiri m'madisiki. Kagawidwe kakakhala 78 ndi 22, madisiki akutsogolo amapsa okha, akumbuyo amene akanathandiza ali ozizira.

Kutha kwa mabuleki kuli pawiri, ndipo phazi limakuuzani. Chopondera chikakhala cholimba gwa koma galimoto osaima, fungo lopserera lili tsaa, ndiye kuti mapadi atentha kupitirira muyeso wake. Chikakhala wofuwofu n'kumira, mafuta awira. Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, DOT 4 ndi 230, DOT 5.1 ndi 260. Koma mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba manambalawo amatsika kufika pa 140, 155 ndi 180. Asintheni onse zaka ziwiri zilizonse, kuchokera m'botolo losatsegulidwa, osati ongopungulidwa m'kabotolo ka m'mbali mwa msewu. DOT 5 yopanda .1 ndi ya silikoni, siisakanikirana ndi enawa, ndipo siyoyenera pagalimoto ya ABS.

Pamtsetse tsitsani giya, ngakhale galimoto ikhale ya otomatiki. Pondani mwamphamvu kanthawi kochepa n'kumasula, m'malo mokhwekhwereza phazi njira yonse. Madisiki akatentha musawathire madzi.

Kunjenjemera kwa chiwongolero poponda anthu amathamangira kunena kuti disiki yapindika. Nthawi zambiri zimakhala kuti padi inasiya zotsalira zake mosafanana padisiki, chifukwa mapadi atsopano sanazoloweretsedwe kapena munthu anaima phazi lili pabuleki madisiki ali moto. Apo ayi, disiki inamangidwa pahabu ya dzimbiri (habu ndi chitsulo chimene wilo limamangidwapo), ndipo kupendekeka kosakwana theka la theka la milimita n'kokwanira kubala vutoli pakapita miyezi. Palani habu mpaka iyere, mangani manati a wilo mopingasa ndi mphamvu yofanana. Pozoloweretsa mapadi, tsikani ka 8 kapena ka 10 kuchoka pa makilomita 60 pa ola kufika pa 10 osaima, kenako katatu mwamphamvu kuchoka cha pa 90, ndipo yendani mphindi zingapo osaponda kuti zizizire. Galimoto yokokera mbali imodzi vuto lake lili pakati pa kumanja ndi kumanzere: pini yogwira, paipi ya labala yotsekeka mkati, kapena padi yodonthera oyilo. Mapaipi okutidwa ndi waya amalimbitsa chopondera, koma kagawidwe sasintha.

Bulaketi yogwirira kalipa yodulidwa ndi kuwotchereredwa mongoyeza ndi maso ine ndimakana kuimanga, ngakhale mwini wake akwiye. Mphamvu yonse ya buleki ya wilo limenelo imadzera pamabawuti awiri ogwira bulaketiyo. Pakati pa kalipa ndi rimu pasiyidwenso mpata wosachepera mamilimita 3.

Kuyesa

Pezani msewu wowongoka wopanda anthu, ziweto kapena njinga, ndipo mnzanu aime patali bwino m'mbali. Lembani mzere wa choko m'mbali mwa matayala, iye ajambule kanema pafoni. Pagalimoto yopanda ABS, yambani pafumbi pa makilomita 30 kapena 40 pa ola, onjezerani phazi pang'onopang'ono mpaka wilo lina liloke. Mukaonera kanemayo mwapang'onopang'ono, mizere ya choko ikuuzani limene layamba kuima.

Koma musakhutire ndi zapafumbi. Kumbukirani masamu a 86 aja: pafumbi kumbuyo kumasenza 40, paphula 29 yokha. Galimoto imene yachita bwino pafumbi ikhoza kuloka kumbuyo paphula louma, pamene kumbuyoko kwapepuka kwambiri. Bwerezani paphula pa makilomita 50 pa ola, muli nokha m'galimoto, buti yopanda katundu, thanki ili pafupi kutha. Imeneyo ndiyo nthawi imene kumbuyo kumakhala kopepukitsitsa.

Pagalimoto ya ABS mawilo saloka, ndiye muyeso wanu ndi tepi. Ikani chizindikiro pamsewu, fikanipo pa makilomita 60 pa ola, pondani ndi mphamvu zonse, yezani pamene mwaima, katatu. Paphula louma labwino ndi matayala abwino ziyenera kukhala pakati pa mamita 15 ndi 18. Ndi bwino kuyeza musanasinthe chilichonse, kuti mukhale ndi poyerekezera. Kachipangizo koyezera kutentha kongolozetsa sikodula, ndipo kamanena zambiri. Madisiki akutsogolo kutentha kuposa akumbuyo n'zoyenera, koma akutsogolo akamafuka utsi akumbuyo ali ofunda chabe, kumbuyo sikukugwira ntchito. Akumanja ndi akumanzere ayenera kuyandikana. Makina ogudubuza mawilo aja amene amayesera mabuleki galimoto itaima amaonetsa bwino kusiyana kwa kumanja ndi kumanzere, koma saona kulemera kukusamuka, choncho kukhoza pamakinapo sikulowa m'malo mwa kuyesa pamsewu.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani, kenako china. Mukadzatsitsa galimoto, kusintha mashoko kapena kuvala matayala a mtundu wina, yesaninso, poti zonsezi zimasuntha kagawidwe.

Kwa amene sanagulebe kanthu, ndalama zanu zitsate ndondomeko iyi: matayala anayi abwino, mafuta atsopano a DOT 4 kapena 5.1, mapini ndi mapisitoni onse oyenda bwino, mapadi abwino a mtundu umodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Magalimoto ambiri aliwiro amene amayenda m'misewu yathu amachira pomwepa. Mabuleki akamathabe pamtsetse zonsezi zitachitika, pamenepo ndi pogula madisiki akuluakulu, veniya ili m'manja. Makalipa akale musawagulitse mpaka atsopano atakhoza kuyesa kwa paphula. Ndipo lembani penapake dzina la kalipa ndi nambala ya mapadi ake, chifukwa mapadi a makalipa achilendo sapezeka wamba m'masitolo a ku Tete kapena ku Ulongwe. Poitanitsa ku Beira, ku Lilongwe kapena ku Joni, itanitsani maseti awiri, kuti akadzatha musadzakakamizike kusema padi ya galimoto ina kuti ilowe.